Ndinapita kukaphunzira gitala, andisandutsa chipatala

Aphungu,

Ndine mayi wamasiye, ndinapuma pa ntchito ya unamwino zaka zingapo zapitazo. Ana onse ali kwawo ndi mabanja awo. Amuna anga atatisiya ndinangoti phee m'nyumba. Ntchito inali kudzuka, kusesa posesa kale, kenako kukhala pakhonde n'kumaonerera odutsa mumsewu. Mwana wanga wamkazi atabwera kudzandiona anati, "Amayi, mukapitiriza chonchi mumera mizu pampandopo." Ndi iyeyo amene anandikokera ku gulu la anthu opuma pa ntchito.

Gululi limakumana Lachinayi masana m'holo ina pafupi ndi kwathu. Holo yake mawindo ena ndi osweka, fani imazungulira ikafuna, koma mumakhala chimwemwe. Lamulo lake ndi limodzi: aliyense aphunzitse chimene amadziwa, aphunzire chimene sadziwa. Pakona ina amasoka, ina amalimbana ndi mafoni amakonowa, ina amajambula zithunzi. Kumeneko sitiitanana mayina, timaitanana ndi ntchito zathu zakale. Wapampando ndi a Hedi. Pali a Telala. Pali a Sajeni, amene ankaimba mu bandi ya kuntchito kwawo, ndipo ndi amene amaphunzitsa gitala. Ine ndine a Nesi.

Gitala ndinkaisirira kuyambira ndili mtsikana, koma bambo anga ankati imeneyo ndi ya anyamata a m'mabala. Kenako sukulu, ntchito, ana, moyo n'kupita. Tsiku loyamba kuigwira ndinachita mantha ngati mmene ndinachitira pobaya jakisoni wanga woyamba. A Sajeni anandiika zala pamawaya, ine n'kuliza. Phokoso lake linali la mphaka wopondedwa mchira, koma ndinabwerera kunyumba ndikuseka ndekha mumsewu. Kanali koyamba kuseka chimwalirireni amuna anga.

Vuto ndinaliyamba ndekha. Tsiku lina ndinapita ndi makina anga oyezera bipi kuti ndithandize mayi wina amene ankadandaula chizungulire. Basi, mbiri inawanda. Lero ndikangolowa pakhomo, ndisanaike n'komwe chikwama pansi, wina wapinda kale mkono wa malaya. "A Nesi, tandiyezani, mutu ukundiwaza." Wina watulutsa timapepala ta mapiritsi: "Awa ndizimwa ndisanadye kapena nditadya?" Wina akundikokera kuseri kwa chitseko kuti andionetse chotupa pamalo oti sindingatchule m'nyuzipepala. Benchi la pafupi ndi khomo ayamba kulitcha wodi. Ena afika pobwera ndi alamu awo amene sali n'komwe m'gululi.

Musaganize kuti amachita kundikakamiza ayi. Thupi langali ndi lomwe linazolowera. Munthu akatsokomola kumbuyo kwa holo, khutu langa ladziwa kale ngati chifuwacho ndi chouma kapena chamakhololo, miyendo yanyamuka yokha, gitala ndaisiya pampando. Pobwerera ndimapeza phunziro latha. Anzanga amene tinayambira limodzi akuimba nyimbo yathunthu, ine ndidakafunafunabe poika chala chamkombaphala.

Magitala a gulu ndi ochepa, owafuna ndi ambiri. Sabata yatha a Sajeni ananditengera pambali. Anati, "Mayi, sindikukuthamangitsani ayi. Koma gitala yanuyi ikumangokhala pampando ngati mlendo wosalonjeredwa, pomwe ena akuiponyera maso. Mwezi uno ukatha zili chonchi, ndiipereka kwa wina." Sanalakwe, koma ndinalira nditafika kunyumba.

Mwina mukuti bwanji osangowakana. Chondivuta ndi ichi. Tsiku lina a Telala anandionetsa mwendo wotupa, wotentha, akuseka kuti ndi ukalamba basi. Ndinawaumiriza kupita kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo anawagoneka. Madokotala anati akanachedwa zikanavuta. Lero akazi awo akandiona amandigwira ndi manja awiri. Ndiye ndikati lero sindiyeza munthu, ndimangoona mwendo uja. Nanga tsiku limene ndidzakane likadzakhala la wina woteroyo, ndidzagona tulo?

Ndaganizapo zongosiya gulu lonselo, koma ndikuopa kubwerera pakhonde paja. Kodi ndikudzikonda pofuna gitala pa msinkhu wangawu, anthu akudwala? Ndithandizeni mwezi usanathe.

L.C.M., namwino amene akuti anapuma

Mayi anga,

Ayi, simukudzikonda. Munthu wodzikonda sasiya gitala pampando chifukwa cha chifuwa cha mnzake. Vuto lanu ndi lija akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Nyimbo simukuidziwa, komanso kuona chotupa kuseri kwa chitseko, magitala akulira m'khutu, si kuyeza wodwala kumeneko. Inu mukudziwa zimenezi kuposa ine.

Tiyambe ndi mwendo wa a Telala, poti ndi umene wakumangani. Munachita bwino, ndipo akazi awo apitirize kukugwirani ndi manja awiri. Koma taganizani: bambowo anapulumuka chifukwa linali Lachinayi, inu munalipo, ndipo anakumbukira kukweza thalauza. Nanga ukanatupa Loweruka? Ngati moyo wa anthu onse a m'holomo ukudalira namwino mmodzi amene amapezeka masana amodzi pa sabata, ndiye kuti ali pangozi kale, kaya inu mugwire gitala kaya musagwire. Mutu umodzi susenza denga.

Ndiye chitani izi. Lachinayi lisanafike, kaonaneni ndi a Hedi, osati kukadandaula koma kukawakumbutsa lamulo lawo lomwe. Likuti aliyense aphunzitse chimene amadziwa. Inu simunaphunzitsepo kanthu, mwakhala mukungogwira ntchito yaulere. Pemphani kona yanu kamodzi pamwezi, pa nthawi yosawombana ndi ya gitala. Aphunzitseni kuyezana bipi okhaokha. Ngati akutha kulimbana ndi mafoni, makina odina batani limodziwo sangawakanike. Aphunzitseni zizindikiro zimene munthu sayenera kudikira nazo Lachinayi: mwendo umodzi kutupa, kupweteka pachifuwa, kubanika, pakamwa kupindika mwadzidzidzi. A Telala aime kutsogolo afotokoze okha nkhani yawo, anthu adzamva msanga kwa mwini mwendo kusiyana ndi kwa inu. A Hedi angathenso kupempha chipatala chapafupi kuti nthawi zina chizitumiza munthu kudzayeza anthu. Mwina avomera, mwina ayi, koma kufunsa sikupweteka.

Chachiwiri ndi dzinalo. Chizolowezi choitanana ndi ntchito zakale n'chokoma, koma mukamutcha munthu a Nesi mwamuvekanso yunifomu. Ndipo sindikukhulupirira kuti mukuvutika nokha. Tafunsani a Telala kuti asoka mazipi angati a anthu m'holomo, pomwe mwina iwo anabwerera foni. Kapena nanunso munawapatsirako siketi yoti akubwezereni? Musandiyankhe. Ingoitulani nkhaniyi pagulu, mudzaona mitu ingati idzagwedezeke. Gwirizanani kuti nthawi ya phunziro ikakwana, aliyense ndi mwana wasukulu, palibe nesi, palibe telala. Zikalengezedwa pagulu ndi wapampando, palibe amene adzaone ngati mwamukana iye yekha.

Chachitatu ndi miyendo yanu yonyamuka yokhayo. Imeneyo simungaigonjetse ndi mtima wabwino, muichenjerere. Makina aja asiyeni kunyumba kupatula tsiku la phunziro lanu. Fikani nthawi ya gitala itangotsala pang'ono, pitani molunjika kutsogolo, khalani moyang'ana a Sajeni, benchi lija likhale kumsana. Konzeranitu mawu oyankha, muwayeserere pagalasi ngati n'kofunika: "Pepani achimwene, panopa ndili m'kalasi, tionane tikaweruka." Ena adzang'ung'udza kuti a Nesi ayamba matama. Alekeni, posachedwa adzapeza nkhani ina. Koma munthu akagwa kapena kukomoka, ponyani gitalayo muthamange, ndipo a Sajeni adzakhala oyamba kukutsegulirani njira.

Dziwaninso kuti ambiri opinda mikono ya malayawo sakudwala kwenikweni. Ndi anthu okhala okha ngati inu, amene sabata yonse palibe wawagwira dzanja kapena kuwafunsa kuti mwagona bwanji. Bipi ndi njira chabe yopezera munthu wowamvetsera. Akayamba kuyezana okhaokha, njala imeneyo idzachepa, chifukwa aliyense adzakhala ndi womugwira mkono. Otsalawo aitaneni adzakhale pafupi azikuwomberani m'manja pamene mukuvutitsa mawaya.

Kenako pitani kwa a Sajeni muwauze zimene mwakonza. Bambo amenewo sakukudani. Akanakhala wina akanangoipereka gitalayo mwakachetechete, koma iwo akuchenjezani chifukwa akufuna mukhale. Afunseni ngati n'zotheka kuibwereka pakati pa sabata kuti muwapeze anzanu. Zala zidzapweteka, zidzachita matuza, kenako zidzalimba. Anansi adzadandaula masiku oyamba, koma nawonso adzalimba.

Chenjezo langa ndi ili. Za kusintha mankhwala, kuwonjezera kapena kusiya mapiritsi, ndi zotupa za kuseri kwa chitseko zija, musazigwirenso. Atumizeni kwa dokotala amene ali ndi zipangizo ndi mbiri ya matenda awo, ndi alamu awo aja omwe. Tsiku lina chidzalakwika chinthu, ndipo omwe akukutamandani lerowa ndi amene adzakulozeni chala. Ndipo gululo musasiye. Kusiya kungakuchotsereni phokoso, inde, koma kungakuchotsereninso chinthu chokhacho chimene chakubwezerani kuseka.

Odwala sadzatha, mayi. Tsiku limene munapuma ntchito munawasiya ali pamzere, ndipo ena anawathandiza. Chimene chili ndi tsiku lotha ndi zala zanuzo. Mwasamalira anthu moyo wanu wonse, ndipo palibe amene angakuwerengereni mlandu chifukwa cha masana amodzi pa sabata. Lachinayi likubwerali pitani mukalakwitse nyimbo mpaka phunziro lithe.