Apite ndi Madzi

Lolemba, 13 Januwale
Maliro a bambo Zondwayo, aneba athu akumtunda, atha. Munthu wa mankhwala uja. Makapisozi, majakisoni, dibi wa ng'ombe, zonse pachiguduli chimodzi pamsika wa Edingeni. Mkazi wawo Bessie watsala ndi ana, m'nkhokwe mulibe kanthu. Mvula osakata. Nsomba m'damu langa zanenepa, mwezi wamawa ndikolola.

Lachinayi, 16 Januwale
Nsomba zingapo zayandama, mimba m'mwamba. Zina zikungozungulira ngati zaledzera. Achule osokosa aja lero zii. Amuna anga a Tonny ali kocheka matabwa ku Luwawa, foni osagwira. Ndikuopa.

Loweruka, 18 Januwale
Ndatsata kamtsinje kamene kamathira m'damu. Pamlatho wamitengo ndazipeza. Thumba long'ambika, mabotolo osweka, mapilisi asungunuka ngati phala. Fungo la dibi lokhalokha.
Ndinapita kwa Bessie. Akuti anataya ndi alamu ake, tsiku lometa. “Katundu ngati ameneyu sagona m'nyumba ya maliro, amama. Mbwenu apite ndi madzi.”
Apite ndi madzi! Nanga madziwo akupita kwa yani? Ndinafuna kumulalatira, koma munthu ali m'zakuda, maso atalowa. Ndinangobwerera.

Lamulungu, 19 Januwale
Kutchalitchi sindinapite. Damu lonse mbee, nsomba zonse zafa. Madeya onse aja, msana wonse uja. Sukulu ya Taonga wanga inali m'menemo. Ndalira mpaka mutu.
Alangizi pafoni: “Musadye, musagulitse, kwirirani. Madziwonso musamwe.” Kunena sikuvuta ayi.

Lolemba, 20 Januwale
Maganizo oipa. Kuziwamba, n'kukagulitsa ku Boma. Angadziwe ndani? Moto ndinakolezadi. Kenako Taonga: “Amayi, kamutu kokha mundipatseko.” Ndinathira madzi pamoto paja.
Ndakumba dzenje kuseri kwa nthochi, ndakwirira zonse. Sindinauze munthu, manyazi. Mikono yatheratu.

Lachiwiri, 21 Januwale
Dzenje lafukulidwa. Ndimati agalu. Koma galu sagwira khasu, ndipo mapazi ali m'matopemo ndi a ana. Alowera kumtunda.
Kwa Bessie kukufuka utsi. Mphepo ikubwera ndi fungo la nsomba zootcha.
Mayo ine! Ndinamuuza za thumba, za nsomba kuti nzapoizoni sindinamuuze. Ana aja sanaone ndiwo chiikireni maliro.
Ambuye, zikhale kuti zikadali pamoto. Ndithamangire komweko. Chitenje changa chili ku...