Chipinda Chokhala ndi Foni

Lolemba, 4 Ogasiti 1997

Ndafika. Joni wake ndi ameneyu? Mphepo yolowa mpaka m'mano. Achimwene a Justus, mwana wa azakhali, ndi mlonda ku Isando, ndiye tikusinthana matilesi: iwo akaweruka m'mawa, ine ndadzukapo. Fakisi yanga yafika yamoyo, ndinaikulunga m'zitenje ngati khanda. Abwana ku Lilongwe anati ndikhale kulikonse, bola timabuku ta zaumoyo tizifika titamasuliridwa Lachisanu lililonse. Ndikungofuna chipinda chokhala ndi foni, cha mwezi ndi mwezi. Chachaka ayi. Sindikudziwa kuti bambo achedwa bwanji kuchira, kapena kufa.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Kuchipatala. Bambo anga a Zakeyu, amene anapita kumigodi ndili ndi zaka zinayi n'kuiwala njira yobwerera kwa amayi, a Edna. Sitiroko. Afota, pakamwa papindika. Pambali pawo pali mayi wachizulu, a Mavis, amene akhala nawo zaka makumi awiri. M'Chingerezi chofewa akuti ndikakhale kwawo ku Daveyton, chipinda chilipo, foni ilipo. Ndinathokoza ndi mano okha. Amayi ku Ntcheu akamva ndikudya mbale imodzi ndi ameneyu? Bola kugona padepoti.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Kukaona chipinda ku Benoni. Dona wachizungu, kachipinda kuseli kwa galaja. Kusaina chaka chathunthu. Nditatchula foni anandiyang'ana ngati ndapempha mwamuna wake. Kenako: "Umadziwa kusita?" Akufuna munthu wolipira lendi amene aziwasitiranso malaya. Bulangeti la galu wake ndi lokhuthala kuposa la pabedipo.

Loweruka, 9 Ogasiti

A Bonaventure, Mmalawi mnzathu, mkulu wa mpingo, akuti "amathandiza obwera". Anandionetsa kanyumba ka malata, anthu atatu ali kale mkati, chitseko chomangira waya. Foni ili pashopu, akuti pafupi. Ndinayenda mpaka thukuta, m'chisanu muno. Nditafotokoza ntchito yanga anatsokomola. "Mlongo, mkazi wongokhala m'nyumba, kumalandira mafoni, n'kumadya bwino... ife ntchito imeneyo timaidziwa." Atatero anatsitsa mawu n'kufunsa ngati ndili pabanja. Mawa alalikira.

Lolemba, 11 Ogasiti

Ndatumiza ntchito pa fakisi ya m'shopu, mochedwa masiku atatu. Kabuku ka kutsegula m'mimba kafika ku Lilongwe kopanda theka la mankhwala ake. Abwana akuti Lachisanu likadutsanso apatsa wina.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Nyumba ina ku Kempton Park. Eni ake atamva kayankhulidwe kanga kachilendo, chipinda chinadzaza pomwepo.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Alandilodi a achimwene aona nsapato zachikazi pakhomo. Ndichoke pofika Loweruka. A Justus akupepesa ngati nyumbayo anamanga ndi iwo.

Bambo ayamba kuyankhula. Chichewa chokhachokha! Chizulu, Fanagalo ya kumigodi, zonse zapita ndi sitiroko. A Mavis akungogwedeza mutu, kuwapukuta dovu, kuwakonzera pilo pomwe iwo akupempha madzi. Ndinadikira kaye pang'ono ndisanawauze a Mavis zomwe bambo akupempha. Ndimayesa ndisangalala. Sizinakome monga ndinkaganizira.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Ntchito ya sabata ino yatha kutayipa, yangokhala m'chikwama, pokailumikiza fakisi palibe. Ndinapita nazo zonse kuchipatala masana, ntchito ndi fakisi yomwe.

Bambo anali maso, akuoneka bwinoko. A Mavis akuwamwetsa phala ndi supuni, kuuzira kaye iliyonse. Bambo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa ine.

"Nesi uyu ndi wamtima wabwino. Kwawo ndi kuti?"

Kenako bambo anawonjezera:

"Ukamuuze Edna afolere nyumba mvula isanayambe. Mwezi ukatha ndikubwera."

A Mavis anaika supuni m'mbale. "Akuti chiyani?"

Zaka zisanu ndi chimodzi ndikumasulira, sindinasinthepo dala mawu a munthu. Ndipo izi ndi zomwe ndinkafuna mayiyu adzamve tsiku lina, kuchokera pakamwa panga.

"Akuti phala lakoma," ndinatero. "Akuti mwatopa, mukapumeko."

Anapitiriza kuwamwetsa mpaka mbale inayera. Anawapukuta pakamwa, n'kutsuka supuni pampopi. Tili pakhonde anaima.

"Dzina silifuna womasulira, mwanangu. Edna ndamumva."

Anapisa m'chikwama n'kutulutsa kiyi womangidwa pa kachingwe ka nsapato.

"Foni ili pabalaza, kuseli kwa kabati. Pita ukatumize mapepala ako ofesi yanu isanatseke. Koma mawa udzandiuze zonse zimene akunena. Usachotseko."

Ndinafuna kufunsa za lendi, za miyezi. Anali atabwerera kale m'wodi.

Ndikulemba izi m'kombi ya ku Daveyton, fakisi pamiyendo. Sindikudziwa potsikira.