Kiyibodi Yolira Ija Aichotsa

Achimwene a Yasin,

Asalamu alaikum. Muli bwanji ku Joniko? Ife kuno ku Lirangwe tili bwino, kungoti mvula yachedwa.

Kiyibodi ya kompyuta munatumiza ija inafika, zikomo. Imalira kwabasi, ngati nkhuku zikujompha chimanga pa lata. Ine ndinaikonda, chifukwa ndikamakazinga mandasi pakhonde ndimamva kuti alamu anu a Khalid akugwiradi ntchito mushopu yathu yotayipira makalata ija. Makasitomala nawonso amafuna yomweyo. Bambo ena a kwa Kuntaja anachita kukana kalata yawo, ati yotayipidwa mwakachetechete singamveke ku ofesi.

Koma alamu anuwo aichotsa. Abwezerapo yakale ija, ya mabatani ofewa ngati nthochi yakupsa, ati yanuyo ikuwapweteka zala. Zala zake ziti? Zomwe zija amatong'olera chimanga tsiku lonse osadandaula?

Pano mushopu muli zii. Ndikasuzumira ndimawapeza akutayipa uku akumwetulira okha, kasitomala palibe. Ndikalowa, basi kompyuta yazima, ati magetsi athima, chonsecho fani ikuzungulira. Ayambanso kudzola mafuta onunkhira, ndipo mapepala akumakagula ku Chileka, ngati kuti ku Lunzu anatha. Ine sindikunena kanthu ayi.

Mayi akupereka moni, mwendo uja ukusinthako. Mukamabwera pa Idi mundigulire ina yolira kuposa iyi, yoti izimveka mpaka kumsika. Musaiwalenso guluu, wolimba uja, woti ndidzaimatire patebulo.

Ndine mlongo wanu,
Tahira