Kabokosi ka Maureen Kasiya Kufunsa

Area 25,
Lilongwe.

Okondedwa achemwali anga a Ursula,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Ndunde. Bondo lija likukulolani kutsikira kudimba? Ine kuno ndili bwino, ngakhale adokotala akuti magazi akuthamangabe. Mankhwala ndikumwa, koma okhawo amene ndagwirizana nawo.

Akundilembera ndi mkamwini wanga Geoffrey, ndipo ndamuuza kuti asakonze mawu anga. Kusukulu sindinapondeko, koma pakamwa panga sipafuna mphunzitsi. Geoffrey ndi munthu wabwino, izi alembe ndithu. Komabe inu mukudziwa kuti kwathu mkamwini ndiye amakhala pamudzi pa apongozi. Ine zinanditembenukira, ndikupempha madzi osamba m'nyumba ya mkamwini. Mwana wanga Maureen wakanitsitsa kuti ndibwerere kumudzi iye ali kutali. Akuti ndikakagwa m'munda adzanditola ndani.

Tsopano njira yaoneka, ndipo ikudutsa pakhomo panu.

Mukukumbukira kabokosi kamene Maureen anabweretsa chaka chatha ku kalabu yanu ya alimi kutchalitchi? Kaja kosunga malangizo a ulimi, koti munthu afunse pa foni popanda bandulo, iko n'kumufufuzira yankho. Pochoka nonse munamuuza kuti mwamva zonse, zili bwino kwambiri, mpaka munamupatsa nkhuku. Atangokwera kabaza, munakakulunga m'nsalu n'kukatsekera m'kabati ya makandulo. Iye ku ofesi anakanena kuti zayenda. Mabwana atatuma munthu kudzaona, anapeza mphemvu zitamangamo mudzi. Mwana wanga anabwera kunyumba osadya.

Akatekisiti a Edwin anadzaulula pa foni kuti atakayatsa okha, kanayamba kuwafunsa mafunso a Chingerezi osatha. Kanafunsa kuti zinthu kasunge pati, kazisanje bwanji, alowe ndani, alowere khomo lanambala yanji. A Edwin anaopa kuwononga chinthu cha eni, koma anaopanso kukhumudwitsa mlendo. Ndiye anangoti zikomo.

Tsiku lina Maureen anandikhazika patebulo kuti ndiyeseko ine, iye azindiwerengera. Funso loyamba ndinapirira. Lachiwiri ndinamufunsa ngati kabokosiko kakufuna kufunsira mbeta. Akale anati safunsa anadya phula, koma aka kanapitirira muyeso. Ndinanyamuka n'kumuuza kuti chinthu chake n'chachipongwe. Ine ndakonza njinga pa Njuli mpaka imvi. Munthu akagula njinga sumufunsa kuti masipoko akhale angati. Umamanga zonse, chishalo umaika pakatikati, matayala umapopa, iye akwere azipita. Wamiyendo yaitali adzakweza yekha chishalo akazolowera.

Ndinkayesa akwiya. Iye anaseka mpaka misozi, nati zimenezo wakhala akuuza anzake ku ofesi kuyambira kale, koma iwo amati munthu azisankha yekha chilichonse. Chimene ankasowa, akuti, ndi munthu wopanda ulemu woti anene poyera. Sindinakondwe ndi mawu amenewo, koma ndinawalandira. Geoffrey akuseka pano polemba, ndamuuza kuti ayang'ane pepala.

Kuyambira pamenepo Maureen ndi anzake akhala akukakonza. Mafunso onse aja anawayankhiratu iwo eni, mayankho oyenera munthu wamba. Zina zambirimbiri zimene zinalimo ngati zitsanzo anazichotsa. Zofuna akatswiri anazibisa kuseri, wozifuna akazipeza. Chinyanja ndicho chikuyamba, Chingerezi chikudikira pambuyo. Panopa umangolumikiza waya ku batire ya sola, kudina kabatani kamodzi, n'kudikira kuti kanyali kasanduke kobiriwira.

Sabata yatha ndinayesanso, popanda wondigwira dzanja. Maureen anakhala pakona atadziluma mlomo. Kanyali kanayaka. Ndinayankhula pa foni kuti nandolo wafota, ndipo mawu a mayi wina anandifotokozera bwinobwino, ngakhale zambiri ndinkazidziwa kale. Kenako ndinafunsa za kalongonda, nyemba zija za kwathu. Kabokosi kanati sikakumudziwa. Ndinauza Maureen kuti chinthu chosadziwa kalongonda chisayerekeze kulowa m'mudzi wa Alomwe. Wamuikamo tsopano, pamodzi ndi kaphikidwe kake, kuti wina asadzaledzere naye.

Mabwana ake anena kuti apereka mwayi umodzi wokha. Mwezi wamawa, mvula isanagwe, Maureen abweretsanso kabokosi ku kalabu yanu. Anthu akakwanitsa kukayatsa okha n'kumakagwiritsa ntchito iye atachoka, amutumiza kudzakhala ku Chiradzulu kuti ayang'anire timabokosi tina mpaka ku Namitambo. Iye akakhala pa boma, ine ndikhala pa Ndunde. Wandilonjeza pamaso pa mwamuna wake, yemwe akuti ntchito yake ya magetsi angaigwire kulikonse. Zikakanika, mabwana atseka ntchito ya timabokosiyi, ndipo ine ndidzakalambira pa khonde lino ndikuwerenga maminibasi.

Pempho langa ndi limodzi, achemwali. Maureen akabwera, musamulandire ngati mlendo. Ndi mwana wanu, munamusambitsapo. Kabokosi mukayatse ndi inuyo, osati a Edwin, osati wina wodziwa kuwerenga. Pamene simukumva nenani kuti sindikumva. Pamene pakukwiyitsani kwiyani, monga munkandikwiyira ine ndikaba chinangwa chanu chowotcha. Iye adzakonza pompo, ndi ntchito yake. Muwauzenso amayi a kalabu kuti mawu oti zili bwino awasunge mpaka zitakhaladi bwino. Nkhuku mudzamupatse pambuyo, akadzabweranso n'kupeza kanyali kakuyaka. Ulemu wanu wa chaka chatha ndi umene wandigoneka ku Lilongwe dzinja lathunthu.

Ine mtima uli m'malo. Ndakaona ndi maso anga, ndipo ngati kandimvera ine, inu sikangakukaneni.

Mupereke moni kwa alamu anga, muwauze kuti fodya wa kuno ndi utuchi. Moni kwa adzukulu onse, kwa azakhali a kutsidya kwa mtsinje ngati akumvabe, ndi kwa a Edwin, asachite manyazi. Muphwa wanga Lameck mumuuze abweze khasu langa ndi pampu ya njinga. Asanene kuti sakuzidziwa, pampuyo ndinaidinda chizindikiro. Mundisungireko mbewu ya nandolo, yofiira ija, ndidzadzala ndekha.

Ambuye akusungeni mpaka tionane pakhomo. Geoffrey amafuna kundisainira, ndamulanda cholembera. Chilembo chili m'munsichi ndi changa.

Ndine mlongo wanu,

M
(Mikaele)