Boma Likuti Bwanji Loweruka Lino?

Lachitatu, 14 Meyi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, ndiponso kuti chifuwa chija chinakusiyani. Ife kuno tilipo. Amene ali kayakaya ndi timu yathu, moti achibale ayamba kale kuitanidwa.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale. Pafoni sindingamasuke. Chisiyireni kuona, Bambo makutu awo ndi akuthwa ngati lumo. Ndikanong'ona kukhitchini amandiyankha ali pabalaza. Ndiye ndikulembera kuno kuntchito, pa tebulo langa lotsimphina mwendo, ndikamaliza ndijambula masambawa n'kukutumizirani. Muwerenge mutakhala pansi, osati mothamanga pakati pa mashifiti monga mumachitira ndi mauthenga anga.

Chiyambireni Febuluwale sitinapambanepo. Goloboyi wathu masapota anamupatsa dzina loti Sefa. Mnyamata wa kutsogolo uja munkamutamanda, lero amatchedwa Mawa, poti nthawi zonse adzagoletsa mawa. Makochi asinthidwa, koma akuluakulu a mu ofesi ndi omwe aja, ndipo pa timu yonse chomwe chikukwera ndi mimba zawo basi. Loweruka lino ndi masewero omaliza. Tikapanda kupambana, tatuluka mu ligi yayikulu. Ngakhale kufanana mphamvu sikutipulumutsa.

Ine zimandiwawa chifukwa matendawo ndimawaona. Digiri yanga ya zowerengera sindinaitole pamsewu. Ndinawalembera akuluakuluwo, kuwaonetsa kuti zigoli zambiri zimatilowa kumapeto a chigawo chachiwiri anyamata atatopa, ndipo zimadzera kumanzere. Mlembi wa timu anandilandira ndi nsangala, n'kundifunsa ngati ndili pabanja. Mapepala anga ndinawaonanso ku bwalo, bamboyo akudzikupiza nawo kutentha.

Ndiye mkwiyo wanga wonse umathera pa wailesi. Lachisanu lililonse mkulu wa zamasewero amandipatsa kanthawi kolosera masewero a kumapeto a sabata. Ndimanena zomwe manambala akunena, ndipo pa timu yathu sindinaphonyepo. Mukuganiza kuti anthu amandithokoza? Dzana kondakitala wa minibasi anandizindikira mawu nditangoti nditsika pa sitolo.

"Aaa! Ndinu asisi a pa wailesi aja! Adalaivala, imani kaye, tanyamula mfiti."

"Ine ndimangolosera, achimwene," ndinatero.

"Kulosera, kulodza, kumangosiyana kumchira uko. Mukati zilowa ziwiri, zimalowadi ziwiri. Tandilosereniko nanenso kuti ndigula basi yangayanga, tione."

Basi yonse inafa nazo, nanenso ndinaseka. Koma mayi wina wovala jezi yathu sanaseke. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, makolo uli nawo? Amamvera?"

Amamvera, achimwene. Nkhani yanga ndi imeneyo.

Mukuikumbukira nyumba ya malamulo yathu ya Loweruka m'mawa? Inu boma, ine otsutsa, Bambo sipikala, ali pa tebulo lawo lokonzera mawotchi, kagalasi kali padiso, akumenya kapu ndi supuni kuti "Bata m'nyumba!" Inu nthawi zonse munkati tiwina ziwiri kwa chimodzi, kaya tikumana ndi ndani. Ine ndinkabwera ndi zifukwa, inu ndi phokoso. Malemu Amayi ankati tsiku lina tidzagwetsa denga. Tikatero tonse atatu ulendo wa ku bwalo, kukakhala pa benchi ya kuseri kwa golo, ya msomali uja unakung'ambirani thalauza pamaso pa atsikana.

Tsopano nyumba ya malamulo yatsala mbali imodzi. Lachisanu ndikafika ndimawapeza wailesi ili pamiyendo. Sandidzudzula ayi. Amangoti, "Amayi, mawu anu amamveka bwino pamphepo," poti mpaka lero amanditchabe amayi ngati ndili kamwana. Loweruka m'mawa amapapasa kapu ija n'kuimenya.

"Otsutsa tinawamva dzulo. Boma likuti bwanji?"

Akatero amatembenukira ku mpando wanu. Amadikira ndithu, achimwene, ngati muyankha. Kenako amati, "Boma lili pa ulendo wa kunja," n'kuseka okha.

Lamulungu lapitali sanaseke. Ndinkawadonthezera mankhwala m'maso, nkhope ili chagada, ndiye anati:

"Amayi, Lachisanu lino munene kuti tiwina."

"Bambo, manambala sakutero."

"Manambalawo ndi amene anakulerani?"

Ine mukundidziwa, pakamwa panga sipadikira mutu. Ndinayamba kuwafotokozera za mbali ya kumanzere. Ndinati mwina timuyi ikufunika igwe kuti anthu aja achoke, ndinati kunamizana ndi kumene kwatifikitsa pano, ndinati dziko silingasinthe ngati aliyense azingonena zokoma. Anandisiya mpaka mpweya unandithera.

"Sindikuti munamize dziko," anatero. "Ndikungoti m'nyumba muno papita nthawi mawu oti tiwina asanamveke. Ine mpira sindiuonanso, ndimangoumva. Chomwe ndamva ndi chomwe ndili nacho."

Dontho linatsika patsaya pawo. Ndinadziuza kuti ndi mankhwala.

Koma sindingathe, achimwene, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Pali wailesi ya kanema yayikulu ya kumzinda wakutali yomwe yakhala ikutsatira pulogalamu yanga. Akuti akufuna munthu wosakondera, woti angalosere kugonja kwa timu yake osaphethira. Lachisanu lino amvera komaliza, ndipo zikayenda ndiyamba mwezi wamawa. Khomo ngati limeneli ndalidikira chimalizireni sukulu. Anzanga amene ndinkawathandiza masamu ali patali, ine ndidakali kuika kapepala pansi pa mwendo wa tebulo. Ndikati tiwina, aona kuti mtima walowa m'malo mwa mutu, ndipo atenga wina. Mundinene kuti ndine wouma mtima, chabwino, koma nanunso munakwera ndege.

Pepani, mawu omalizawo ndikanafufuta. Ndawasiya.

Bambo sindinawauze. Azakhali avomera kudzakhala nawo, ndipo ndinawapempha kuti asunge pakamwa. Koma dzulo ndinatsitsa sutikesi pamwamba pa wadirobu, kungofuna kuona ngati zipi ikugwirabe. Ndinaikoka pang'onopang'ono ngati wakuba. Kuchokera pabalaza ndinangomva Bambo akuti:

"Zipi imeneyo ndimaidziwa. Inaliranso chomwecho achimwene anu akupita."

Chakudya chamadzulo anangochilawa.

Ndiye pempho langa ndi ili. Sindikuti mubwere, ndikudziwa kuti mapepala anu sanatuluke, ndipo mukachoka sakulolani kubwerera. Ndikungoti Loweruka m'mawa, nthawi ya kuno, muimbe. Musayambe ndi kufunsa za shuga wawo, musafunse za mvula. Akamenya kapu, ine ndiika foni pa mpando wanu. Munene ziwiri kwa chimodzi, monga kale. Munene kuti Mawa lake lafika lero, kuti Sefa watsekeka mabowo. Ngati muli pa shifiti lowani m'chimbudzi, bwana wanuyo sangafe ndi kanthawi kochepako. Ndikudziwa munati timu yathu simukuitsatiranso, mumaonera matimu a eni ake kumeneko. Zilibe kanthu. Ngakhale kale lija simunkadziwa kalikonse, koma Bambo ankanyamuka pa tebulo akumwetulira.

Masana ake ndiwatengera ku bwalo, pa benchi yathu. Msomali uja ulipobe. Ndizikawauza zomwe zikuchitika, ndipo mukudziwa kuti ine sindidziwa kuzipaka shuga. N'chifukwa chake ndikufuna apite atamva kale mawu anu.

Azakhali akupereka moni. Wometa wa pakona akufunsa ngati tsitsi lidakalipo kapena kuzizira kunamaliza ntchito yake. Bambo sakudziwa kuti ndikulemba, choncho moni wawo ndilibe, koma ndikuuzani ichi. Wotchi ya pakhoma ija anaitchera nthawi ya kwanuko, n'kuichotsa galasi kuti azipapasa mivi ndi chala. M'mawa uliwonse amati, "Pano akudzuka," madzulo, "Pano aweruka." Ine kumene ndikupitako nthawi ndi yomweyi ya kuno, ndiye sindikudziwa kuti adzandipapasa pati.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Mtsogoleri wa otsutsa

Ndaiwala chimodzi. Mukaimba ndikutsutsani ndithu, ndi zifukwa zanga zonse, chifukwa ndikangovomera Bambo adziwa kuti tinapangana. Inu musagonje. Mukuwe kuposa ine, denga ligwe ngati likufuna. Kamodzi kokhaka ndikufuna sipikala agamule mokomera boma.