Mbale Zitatu Tsiku Limodzi

Mwana wanga Wezi,

Monire kumeneko, iwe ndi amuna ako. Ife kuno ku Luwinga tili bwino, kungoti mawondo sagwirizana ndi chisanu chathu chija.

Ndili ndi manyazi, mwanawe. Paja adokotala anati shuga akapanda kutsika sandichotsa ng'ala m'disomu, ndipo ndinakulonjeza kuti sindidzapyola kambale kakang'ono unanditumizira kaja. Ndinasunga ndithu, mpaka Loweruka lapitali.

Ana atatu ochita lendi kuseri kwathu anamaliza ku yunivesite, makolo awo n'kudzaza bwalo lonse. A ku Nkhata Bay anandibweretsera kondowole ndi nsomba ya batala. "Amama, mwatilerera mwana, mukana bwanji?" Ndinadya. A ku Karonga ataona, nawonso mpunga wa nyama uwu: "Kapena zathu n'zonunkha?" Ndinadyanso. Achitatuwo ndiye ndisawanamizire. Sanandiitane n'komwe, ndinapita ndekha nditamva fungo la nkhumba yootcha.

M'mawa mwake ndinati ndidzilange, ndisadye kanthu. Tili pakati poimba kutchalitchi chizungulire chinandigwira, ine khu pamiyendo ya amayi abusa! Anesi a m'kwaya mwathu anandikalipira chomene: "Agogo, njala ya lero sifafaniza zadzulo. Bwererani ku kambale kanu basi."

Ndabwererako. Lachinayi ndikukayezetsa, ndipo akandifunsa ndikanena zonse, ndi nkhumba yomwe. Usandikalipire pafoni, ndadzikalipira kale. Ungondipempherera kuti asakandibweze, pakuti ndikufuna khanda ukuyembekezeralo ndidzaliwone ndi maso onse awiri.

Mulungu akusungeni nonse. Yewo chomene.

Ndine mayi ako,
NyaChirwa