Chala Chinaima pa Kolona

Ndirande, Blantyre
24 Okutobala 1979

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumeneko ku Bangula ndi dzuwa la mwezi uno? Nanga mwendo uja wasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, koma nkhope ndilibe poiika.

Mlamba wouma ukuyenda ndithu pamsika, kungoti dengu la sabata yatha linachedwa masiku atatu panjira. Dengu limenelo ndi lomwe landivula pagulu.

Mukudziwa kuti ndikufuna kukwatira Priska, mwana wa a Geresomo, mkulu wa mphakati wathu. Lamulungu masana tinasonkhana kwawo kupemphera kolona. Ine ndi pakamwa pangapa ndinali nditadzitama kale kuti ndine mwana wa mayi amene amatsogolera kolona kwathu, ndiye anandipatsa ine kuti nditsogolere.

Makumi awiri oyamba ndinayenda bwino. Pa lachitatu mtima unathawira ku dengu lija: kaya lanyowa, kaya mwalowa mphutsi. Pakamwa pankapitabe, koma chala chinaima pa mkanda umodzi. Anthu ankangoyankha, atagwada pa simenti, mpaka mayi wina wokalamba anakhala pansi maondo atakana. A Geresomo anachita kundigwira paphewa. Priska akuti ndinanena Tikuoneni Maria makumi awiri ndi mphambu zitatu m'malo mwa khumi. Palibe anaseka, Amayi. Bola akanaseka.

Anthu atapita, a Geresomo anandifunsa kumene ndinali. Ndinawauza zoona, kuti ndinali ndi nsomba. Sanakalipe. Anati maganizo amathawa kwa aliyense, ngakhale kwa iwo, ndipo ntchito ya wopemphera ndi kuwabweza ngati mbuzi, kakhumi kapena kazana. Chinawadetsa nkhawa n'chakuti ine sindinazindikire n'komwe kuti ndachoka. Anati munthu wotere angathe kukhala ndi mkazi m'nyumba zaka zambiri akumuyankha bwinobwino, iye kulibe. Za ukwati anati tiyambe taima.

Pali china chimene chikundiwawa koposa. Zaka zinayi ndakhala ndikukulemberani kuti ndimapempherera mzimu wa bambo tsiku lililonse. Mikanda ndinkaiyendetsadi, koma sindikukumbukira tsiku ndi limodzi lomwe limene ndinawaganizira bambowo mpaka kumapeto. Ndinkamaliza msanga ngati ndikuthamangira basi. Ndikuchita manyazi kwambiri. Mundikhululukire.

Tsopano ndayamba kuyesa m'mawa ndisanapite kumsika, khumi limodzi lokha, pang'onopang'ono. Mtima ukathawa ndimayambiranso. Lolemba ndinafika mikanda itatu, lero isanu. Kusenza dengu kuchokera pa siteshoni n'kopepuka.

Pempho langa ndi ili. Amalume a Simoni anakonza zobwera mwezi wamawa kudzaonana ndi akwawo a Priska. Muwauze asakwere sitima. Musawanamize kuti ndadwala, muwauze chifukwa chake chenicheni, ngakhale ndikudziwa kuti nkhaniyi ifika mpaka ku Chiromo. A Geresomo sananene tsiku, ndipo ine sindikadawafunsa. Priska anangonditumizira mawu akuti adikira, koma sadikira munthu amene kulibe.

Mundiperekere moni kwa achemwali a Esinala ndi alamu, kwa amalume, ndi kwa ana onse. Mukagwada madzulo, mkanda umodzi ukhale wanga.

Ndine mwana wanu wosowa poyang'ana,
Damiano